Mwala wonyezimira si mgodi

Kuno ku Mandevu nkhani ya miyala imafika msanga kuposa basi ya ku Solwezi. Sipapita miyezi yambiri osamva kuti kwabwera munthu ndi kamwala m'kapulasitiki. Umam'peza wakhala pa benchi kwa ometa tsitsi kapena kuseri kwa kantemba, anyamata atamuzungulira. Mwalawo ndi wobiriwira, mbali ina ukunyezimira ngati khobidi latsopano. Amaupereka kwa aliyense kuti amve kulemera kwake, kenako amatsitsa mawu: "Ba boyi, ivi vachokela ku North-Western. Muli kopa, muli na siliva. Malo tapeza kudala, mfumu yavomela. Chasala chabe ni ndalama ya mapiki na vakudya. Aliyense aikepo K2,000, pa myezi itatu tizagabana."

Zotsatira zake tizidziwa tonse. Wina amagulitsa foni. Wina amanyengerera mlongo wake kuti amubwereke ndalama ya chilimba imene anaidikira miyezi isanu. Wina amapita kwa a kaloba n'kusiyako TV ya amayi ake ngati chikole. Olimba mtima amanyamula kachikwama n'kukakwera basi pa Intercity, ulendo wa kudera limene sanalipondepo chibadwire, kumene ngakhale moni wake saudziwa. Ikakwana miyezi itatu ija, foni ya mwini kamwala siliranso.

Ife amene tikulemba pano tinakulira m'makomboni omwewa, ndipo ena mwa ife tinaponyapo ndalama m'dzenje lotere. Choncho musatione ngati ochenjera kuposa anzathu. Ndife anthu amene tinapsa chala. Mfundo yathu ndi imodzi chabe: mwala wonyezimira si mgodi. Pakati pa ziwirizi pali mtunda wautali, ndipo amene amatigulitsa maloto amadyera pa kusadziwa kwathu mtunda umenewo.

Tiyambe ndi kuvomereza zoona. Munthu wa kamwala uja sikuti amanama pa zonse. Mwalawo ungakhaledi wochokera ku North-Western, ndipo mkuwa, umene tonse timautcha kopa, ungakhalemodi. Zambia ndi dziko la kopa. Kuyambira ku Mumbwa kukafika ku Kasempa, Mufumbwe, Solwezi ndi Mwinilunga kuli malo ambiri pamene munthu angatole mwala wobiriwira pamtunda popanda kukumba. Wobiriwira uja amautcha malachite, wabuluu amautcha azurite, ndipo yonse iwiri imapangika kopa akakumana ndi madzi ndi mpweya kwa nthawi yaitali. Makolo a kumeneko ankaidziwa miyala imeneyi azungu asanafike. Ankaisungunula n'kupanga zibangili ndi mitanda ya mkuwa yosinthanira katundu. George Grey atafika pa Kansanshi mu 1899 anapeza maenje amene eni dziko anali atakumba kalekale.

Akatswiri a miyala akaona malo otere amaika kadontho pa mapu n'kulemba kuti pano paoneka kopa, pano paoneka siliva pang'ono. Tanthauzo la kadonthoko n'lakuti chinthucho chaoneka, basi. Sikanena kuti chilipo chochuluka bwanji, chinalowa pansi mamita angati, kapena ngati ndalama yochikumbira ingabwerere. Madontho otere pa mapu a dziko lino ndi ambirimbiri, koma migodi imene imalipira anthu pakutha pa mwezi ndi yowerengeka.

Kuti kadontho kasanduke mgodi pamafunika ntchito yaitali. Amayamba ndi kutapa dothi m'mizere kuti akaliyeze. Likaonetsa chiyembekezo amakumba ngalande kuti aone mmene mwala wagonera. Kenako amabweretsa makina obowola pansi, amene amatulutsa mwala wautali ngati mgwalangwa kuchokera mamita mazana angapo, ndipo amabowola mabowo ambiri, osati limodzi. Mwala umenewo umapita ku labotale kukaphwanyidwa ndi kuyezedwa. Akatero ndi pamene amawerengera kuti pansipo pali matani angati, ndi kuti msewu, magetsi, madzi ndi makina ogayira zidzadya ndalama zingati. Patsogolo pake pali a ZEMA oona za chilengedwe, palinso chilolezo chokumbira. Sitepe iliyonse imameza mamiliyoni, ndipo malo ambiri amathera panjira chifukwa masamu akana.

Onani Lumwana. Kopa wa kumeneko anadziwika mu 1961, koma mgodi unayamba kutulutsa mu 2008. Ndi zaka 47 zimenezo. Onaninso Mingomba ku Chililabombwe, kumene kampani ya KoBold Metals, imene ili ndi ndalama za anthu ngati Bill Gates ndi Jeff Bezos kumbuyo kwake, inalengeza mu 2024 kuti yapeza kopa wambiri. Kopayo ali pansi kupitirira kilomita imodzi, ndipo kumufikira ndi ntchito ya zaka. Manje munthu akabwera pa benchi n'kukuuzani za miyezi itatu, mufunseni kuti iye ali ndi chiyani chimene makampani amenewa alibe.

Kuti nkhani isakhale ya m'malere, titenge malo amene kopa ndi siliva zinapezekadi pamodzi. Malowo ndi Kalengwa, m'boma la Mufumbwe, dziko la Akaonde. Kuchokera kuno umadutsa Kabwe, Kapiri Mposhi, Kitwe, Chingola ndi Solwezi, n'kulowa msewu wopita ku Kabompo, ndipo ukafika thupi lonse limakhala litaphwanyika. Mgodi wa Kalengwa unali waung'ono pouyerekeza ndi Nchanga kapena Mufulira, koma mwala wake unali wonona modabwitsa. Pakati pa 1970 ndi 1982 anakumbapo matani pafupifupi 1.9 miliyoni a mwala wokhala ndi kopa woposa 9 peresenti, ndi siliva pafupifupi magalamu 50 pa tani iliyonse. Migodi ikuluikulu ya lero ngati Lumwana ndi Sentinel ku Kalumbila imagaya mwala wosafika ngakhale 1 peresenti.

Manambalawa tiwaike m'zinthu zimene tizidziwa. Tani imodzi ndi matumba 20 a simenti. Pa Kalengwa, mgodi wonona uja, m'matumba 20 a mwala munkatuluka kopa wokwana makilogalamu 90 ndi pang'ono, ndi siliva wolemera ngati dzira limodzi la nkhuku. Dzira limodzi, m'matumba 20. Pa Lumwana matumba omwewo amapereka kopa wa makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi. Kampani imapindula chifukwa imagaya matani zikwi makumi ambiri tsiku lililonse, ndi magalimoto aakulu kuposa nyumba zathu. Munthu wa piki ndi fosholo, olo atakhala wamphamvu ngati ng'ombe, masamu amenewo sangawakwanitse.

Pa siliva pamakhalanso chinyengo china. Siliva wa m'miyala ya kopa sali ngati golide wa mumtsinje amene ungamusefe m'beseni n'kumuona ndi maso. Amakhala womangika mkati mwa mwalawo, ndipo amatuluka kumapeto kwenikweni, kopa atasungunulidwa n'kupita koyeretsera, m'matope amene amatsala pansi pa matanki. Kutanthauza kuti wogula wa kuthengo akaika thumba lanu pa sikelo amakulipirani za kopa, pa muyezo wake, ndipo ngati muli siliva amamutenga ulere. Komanso zambiri zimene zimanyezimira si siliva n'komwe. Mwala wotuwa wonyezimira, wolemera m'manja, kawirikawiri ndi galena, mwala wa mtovu. Wachikasu wonga golide nthawi zambiri ndi pyrite, umene wapusitsa anthu kuyambira kale. Mgodi wa Kabwe, umene unatsekedwa mu 1994, unkatulutsako siliva pang'ono pambali pa mtovu ndi zinki, koma chimene unasiyira ana a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu ndi mtovu m'magazi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga Kalengwa anawasiyira chiyani anthu a ku Mufumbwe? Mgodi unagwira zaka 12 n'kutsekedwa. Panatsala chidzenje chodzaza madzi ndi milu ya miyala. Pambuyo pake makampani angapo anakokanakokana m'makhoti zaka zambiri, aliyense akuti pepala lenileni lili ndi iye, eni dera akungoonerera. Kumapeto kwa 2024 ndi pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anapita kukatsegulanso mgodiwo pamodzi ndi kampani ya Moxico Resources. Mwana amene anabadwa chaka chimene mgodi unatsekedwa anali atapitirira zaka 40. Tikuwafunira zabwino anthu a kumeneko, ndipo tikhulupirira kuti ulendo uno aona phindu. Koma phunziro lake tisalitaye. Kufupi kwathu kuno, kumpoto kwa Mumbwa, kunali timigodi ta Silver King ndi Sable Antelope kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Maina okoma, mwala wonona, koma unali wochepa ndipo sitinakhalitse. Ngati mwala wa 9 peresenti, wokhala ndi kampani, makina ndi msewu wake, sunasandutse Mufumbwe kukhala Kitwe, kamwala ka m'pulasitiki kadzamulemeretsa bwanji mnyamata wa ku Chaisa?

Kutaya K2,000 kumawawa, koma ndalama imapezekanso. Chimene chatichititsa kulemba ndi maliro. Mu June 2018 mbali ya Black Mountain ku Kitwe inagumuka n'kupha anyamata osachepera khumi. Kumapeto kwa November 2023 mvula yamphamvu inagwa ku Chingola, madzi ndi matope zinalowa m'maenje a pa Seseli n'kutsekera anthu oposa 30. Asilikali ndi akatswiri a migodi anakumba masiku ambiri, koma wotuluka wamoyo anali mmodzi. Mu October 2024 dzenje linagumuka ku Mumbwa n'kupha anthu khumi. Onsewa anali ana a anthu, amsinkhu wathu, otuluka m'nyumba zonga zathu. Dzenje lokumbidwa mothamanga, lopanda mitengo yochirikiza, lopanda pampu yochotsa madzi, lopanda podutsa mpweya, silifunsa kuti wachokera komboni iti. Ndipo likagumuka ku Mufumbwe, chipatala chachikulu chili kutali, amayi anu ali kuno, ndalama yobweretsera thupi palibe.

Yankho tikulimva kale, chifukwa nafenso tinaliyankhapo: "Imwe mukamba chabe. Njala siziba ma peresenti. Nanga tichite chani, tinkale che pa kona?" Funsoli ndi loona ndipo sitikulipeputsa. Ntchito kulibe. Wamaliza Grade 12, wina mpaka koleji, koma akungoitanira mabasi pa siteshoni kapena kugulitsa tokutaimu. Renti ikudikira, magetsi akuzimazima, thumba la ufa likukwera. Munthu wotere ukamuuza kuti adekhe amaona ngati ukumunyoza. N'zoonanso kuti alipo amene anabwerako ndi ndalama. Golide atamveka ku Kasenseli ku Mwinilunga mu 2019 ena anapatadi, ndipo ku Copperbelt kuli majerabo amene amayendera magalimoto odula.

Koma tiyeni tiwerenge bwino. Wopata timamuona chifukwa amabwera masana, wailesi ya m'galimoto ili pamwamba, akugulira aliyense mowa. Otaya amabwera usiku, mwakachetechete, ali ndi chifuwa ndi nkhongole, ndipo sauza munthu. Ena sabwera n'komwe. Zili ngati kubetcha mpira: tikiti ya wowina imazungulira pa WhatsApp sabata yonse, matikiti zikwi a oluza amangosesedwa pansi m'mawa. Komanso jerabo wa galimoto yodula uja si amene amalowa m'dzenje. Wolowa m'dzenje ali pansi pa onse. Pamwamba pake pali amene amamupatsa ufa ndi kapenta pa nkhongole, n'kudzadula pa malipiro. Pamwamba pa ameneyo pali mwini sikelo, amene amanena yekha kuti mwala wanu uli ndi maperesenti angati, inu mulibe pokatsutsira. Kenako pali mwini lole, ndipo pamwamba pa onse pali mwini pepala, amene mwala wanu umayendera dzina lake pamsewu. Njala ndi yeniyeni, koma kuthawira m'dzenje la munthu wina ndi kudzipereka kuti njala yanu imulemeretse iye.

Tafika pa pepala, ndipo apa ndi pamene mkwiyo wathu uyenera kuloza. Lamulo la dziko lino limati miyala yonse ya mtengo wapatali imene ili pansi ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko. Mfumu ili ndi mawu pa nthaka ya anthu ake, ndipo ndi yofunika kuilemekeza, koma siingapereke chilolezo chokumba. Choncho mawu akuti "mfumu yavomela" paokha sakutetezani kwa apolisi. Laisensi imachokera ku boma, ku ofesi yolembetsa malo a migodi, ndipo ofesiyo ili kuno ku Lusaka. Pali mtundu wa laisensi wa okumba ang'onoang'ono umene lamulo linasungira nzika za Zambia ndi makopaletivu awo. Ndi angati a ife amene anauzidwapo zimenezi kusukulu, kutchalitchi kapena pa msonkhano wa chipani?

Amene amazidziwa sakhala pa benchi ya ometa. Mu February 2022 nduna ya za migodi, a Paul Kabuswe, anaimitsa kupereka malaisensi chifukwa cha kuvunda kumene kunali mu ofesi ija, ndipo zinamveka kuti panali anthu amene aliyense payekha anali ndi malaisensi ochuluka. Ofesiyo inatsegulidwanso chaka chomwecho. Anthu otere sagwira fosholo. Amagwira malo pa mapu, n'kukhala phee kudikira mlendo wa ndalama kuti amugulitse pepala. Taganizani: nthaka ya ku Mufumbwe ndi Kasempa imagawidwa mu mzinda wathu uno, pamtunda wa minibasi imodzi kapena ziwiri kuchokera pa Mandevu, pamene ife tikukwera basi ya usiku wonse kukafuna chuma chomwecho ndi zikhadabo. Wapafupi ndi nkhokwe ndi ife, koma tikuthamangira kukatola khunkha kumunda.

Ndiye kwa a boma tili ndi mawu, ndipo sitiwanena mogwada. Kutumiza apolisi ndi asilikali anthu atadzaza kale m'maenje ndi kuzimitsa moto nyumba itapsa. Mu 2024 boma linayambitsa ntchito youlutsa ndege dziko lonse kuti ziyeze zimene zili pansi pa nthaka, ndi kampani ya Xcalibur. Ntchito imeneyo ndi ya dziko, choncho zotsatira zake zisakhale chinsinsi cha anthu ochepa amene adzathamangire kukagwira malo ife tisanamve. Ziikidwe poyera, zifotokozedwe pa wailesi m'Chinyanja, m'Chikaonde, m'Chibemba ndi m'Chilunda, kuti mlimi wa ku Kasempa adziwe chimene chili pansi pa munda wake munthu wa suti asanamufikire. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la bungwe latsopano loyang'anira migodi, Minerals Regulation Commission. Tikufuna kuona bungweli likulanda malaisensi amene angogonekedwa, n'kuyamba kupatsa makopaletivu a eni dera. Tikufuna maina a eni ake enieni a laisensi iliyonse adziwike, osati dzina la kampani ya m'chikwama. Tikufunanso malo oyezera miyala amene munthu wamba angakwanitse kulipira. Ku Ridgeway kuli Geological Survey Department, ku UNZA kuli School of Mines. Kudziwa kulipo mu mzinda uno. Chimene chikusowa ndi khomo lotseguka kwa mnyamata wovala mapatapata.

Boma limanenanso kuti likufuna dziko lizitulutsa matani 3 miliyoni a kopa pa chaka pofika 2031, pamene mu 2024 tinatulutsa oposa 800,000. Ngati zimenezo n'zoona, migodi idzafuna owotcherera zitsulo, amagetsi, oyendetsa makina obowola, okonza mapampu, oyeza miyala mu labotale. Ntchito zimenezi zili ndi malipiro, chipewa cholimba ndi nsapato zachitsulo, ndipo ukavulala pali pokadandaula. Zimafuna pepala la luso. Ndalama ya CDF, imene kuyambira 2022 inapitirira K25 miliyoni pa konsityuwensi iliyonse, ili ndi gawo lolipirira achinyamata maphunziro a luso. Mandevu nayo imalandira. Kodi tikudziwa kuti chaka chatha analipirira ndani, ndipo anasankhidwa bwanji? Amene sadziwa apite ku ofesi ya khansala wa wadi yake akafunse, ndipo apite ndi anzake kuti asabwezedwe pakhomo. Mphamvu imene timaononga pokangana za kamwala tikanaiika pamenepo, ena a ife bwenzi ali ku NORTEC ku Ndola kapena ku sukulu ya luso ya ku Solwezi.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchikamba. Kumpoto kumene timathamangirako si thengo lopanda mwini. Kuli midzi, minda ya chinangwa ndi chimanga, ming'oma ya njuchi m'mitengo, manda a makolo, mitsinje imene anthu amamwa. Mu 2025 anthu zikwizikwi ochokera mbali zonse anakhamukira ku Kikonge, m'boma lomwelo la Mufumbwe, atamva za golide. Kunabuka ziwawa pakati pa okumba ndi apolisi, ndipo anthu anafa. Alendo akatopa amakwera basi n'kubwerera kwawo. Eni mudzi amatsala ndi maenje amene ng'ombe ndi ana amagweramo, ndi madzi amene sangamwenso.

Ife a Lusaka sitiyenera kuphunzitsidwa zimenezi, chifukwa tinabadwira m'mphepete mwa maenje. Marrapodi, pafupi pathu pompano, inatenga dzina kwa Giovanni Marrapodi, Mtaliyana amene ankaotcha laimu kuno Lusaka isanakhale likulu. Mzinda uno wakhala pa mwala wa laimu, ndipo mwala womangira nyumba zokongola za kumayadi unakumbidwa kumbali kwathu. Pitani ku Misisi, ku Kanyama kapena ku Chawama mukaone chimene chinatsala: madamu a madzi obiriwira amene amameza ana, udzudzu, ndi kusefukira chaka ndi chaka kumene kumabwera ndi kolera. Amayi athu mpaka lero amakhala m'mbali mwa msewu kuphwanya miyala ndi hamala, fumbi lili m'chifuwa, kugulitsa pa wilibala. Mwala unapita, dzenje linatsala ndi ife. Tikudziwa kuwawa kwake. N'chifukwa chiyani tikufuna kukachita zomwezo kumudzi kwa Mkaonde amene sanatilakwire?

Tikumbukenso kumene dzina la Mandevu linachokera. Akuluakulu amati linabwera chifukwa cha azibambo a mpingo wa apositoli ochokera ku Southern Rhodesia, ometa mpala koma osunga ndevu, amene anakhazikika kuno. Anthu amenewo ankadziwika ndi ntchito za manja: ukalipentala, kusula zitini ndi mabeseni, kuluka madengu. Mpaka lero ukayenda m'misewu yathu umamva hamala pa chitsulo, umaona moto wa owotcherera mageti, mafelemu a zitseko ndi mbaula. Komboni ino inamangidwa ndi luso. Ngati pali njira yoti Mandevu idyeko za migodi, ndi imeneyo: kupanga ndi kukonza zimene migodi imafuna, ndi kutumiza kumpoto anthu amene aitanidwa chifukwa cha zimene amadziwa.

Sitikunena kuti Mzambia wamba asakumbe. Tikufuna akumbe, ndipo akumbe ndi mutu. Ngati gulu la achinyamata latsimikiza mtima, lilembetse kopaletivu, ligwirizane ndi anthu a kudera limene likufuna kukagwirako, litenge laisensi m'dzina lake, liyezetse mwala kangapo lisanagule ngakhale piki imodzi, ndipo lipeze munthu wodziwa kuchirikiza dzenje. Njira imeneyi ndi yochedwa ndipo imatopetsa. Mwina pamapeto pake labotale idzanena kuti palibe chokumba. Yankho limenelo n'lowawa, koma ndi lotchipa kuposa bokosi.

Tsono munthu wa kamwala akadzabweranso pa benchi, musamuthamangitse ndipo musamutukwane. Mulandireni mwalawo, muuone bwino, kenako mumufunse modekha. Laisensi yake nambala yake ndi chiyani, ndipo ili m'dzina la ndani? Mapu a malaisensi onse a migodi ali pa intaneti, mungaone pa foni pomwepo ngati nambalayo ilipo ndiponso ngati ili pamalo amene akunena. Pepala la ku labotale lili kuti, ndipo anayeza miyala ingati? Ngati anayeza umodzi wokha, wosankhidwa chifukwa ndi wokongola kuposa yonse, pepalalo silinena kanthu za phiri lonse. Adzagula ndani, pa mtengo wanji, pa sikelo ya ndani? Anthu a m'mudzi wapafupi akudziwa, ndipo apindula chiyani? Dzenje likagumuka, adzabweretsa thupi ku Mandevu ndani? Ndipo chomaliza: iye mwini adzalowa nawo pansi, kapena adzatsala ku Solwezi kusunga ndalama?

Munthu woona adzayankha mafunso amenewa mosavuta, mwinanso adzakondwera kuti wapeza anzake oganiza. Wabodza adzakwiya. Adzati mulibe chikhulupiriro, mwayi sudikira, kuli ena ku Matero ndi ku George amene akulimbirana malo anu. Musiyeni apite kwa iwo, ndipo mukatha muwaimbire foni anzanu a ku Matero ndi ku George kuwachenjeza. Safunsa anadya phula. K2,000 yanu ibwezeni m'thumba, ndalama ya chilimba muibweze kwa mlongo wanu, ndipo Lolemba m'mawa tikumane pa ofesi ya khansala.